Tsiku limene ndinafufuta zobiriwira

Masiku amene maesiteti a kuno ku Mchinji anali kufuka utsi, ine ndinali wogiredi fodya, ndipo kwa zaka zambiri ntchito yanga inali kuyang'ana tsamba n'kudziwa mulu wake: lachikasu uku, lofiirira uko, koma lobiriwira, ana inu, limenelo linali chitonzo, fodya wosapsa wongoyenera kutayidwa kudzala. Diso langa linakula likudziwa kuti chobiriwira n'choipa.

Esiteti itatsekedwa, mwana wanga wamkazi anandisiyira laputopu yake yakale nandiphunzitsa kulemba timalamulo ta kompyuta, ndipo kalabu yathu ya alimi inandipatsa udindo wosamala kapulogalamu kotumiza mauthenga pa foni kuti lole yonyamula mabelo a fodya ibwera liti. Mukuseka? Nkhalamba nayonso imaphunzira. Mu pulogalamu imene ndinkalemberamo timalamuloto mawu aliwonse amavala mtundu wake, koma mitundu imene inabwera nayo sinkandiuza kanthu, choncho ndinakhala sabata yathunthu ndikuisintha kuti ifanane ndi fodya. Malamulo ndinawapatsa chikasu, mayina a alimi kufiirira, mawu a uthenga mtundu wa khofi, ndipo mzere wolakwika ndinaupatsa kubiriwira. Ndikatsegula ndinkangoona ngati ndili m'chigafa choumitsira fodya.

Ndiye kunabwera mlembi watsopano wa kalabu, Bambo Zulu, munthu wa masatifiketi ake, amene anabwereka laputopu ija masana amodzi okha. Ataona mitundu yanga anati ndi yachimidzi, n'kuikamo ya anthu ophunzira, mmene cholakwika chimafiira ndipo mawu a uthenga amabiriwira. Sanandiuze. Kale munthu ukabwereka khasu unkalibweza ndi mpini wake womwewo, koma lero amakubwezera atasema wina, n'kumadikira kuti uthokoze.

M'mawa mwake ndinatsegula ndili pa changu, lole ikubwera Lachisanu, ndipo ndinangoona zobiriwira mbwee, mzere ndi mzere. Dzanja linathamanga lokha monga linkachitira pa tebulo la fodya. Ndinafufuta, ndinafufuta, n'kutumiza, ndipo alimi analandira mauthenga opanda mawu. Lole inabwera, inapeza anthu ochepa, inapita. A Jere, mnzanga amene tinagwira naye utenanti pa esiteti tili anyamata, anamva mochedwa, anatulutsa mabelo awo lole itadutsa kale, ndipo mvula yosayembekezeka inawapeza pamsewu wa ku Kachebere.

Pa msonkhano Zulu anaimirira n'kunena kuti maso anga atha, udindo apatsidwe wina. Mpaka lero ndikakumbuka mtima umawira. Ndinatuluka, ndinakatenga mtolo wa fodya m'chigafa cha pafupi, ndinaugiredi pamaso pa onse popanda kuphonya tsamba limodzi, kenako ndinanyamula lobiriwira n'kumufunsa Zulu kuti kwa mlimi limeneli limatanthauza chiyani. Anati sakudziwa.

"Ndiye munasinthiranji chinthu chimene simukuchidziwa?"

Anangoti amafuna kundithandiza. Anthu anang'ung'udza, udindo anandisiyira, ndipo mitundu yanga ndinaibwezera tsiku lomwelo. Ndinatuluka ndikudzimva ngati ndapambana, koma pakhomo ndinapeza a Jere atatsamira njinga yawo, osakwiya, osaseka.

"Achimwene, iye sanafunse, n'zoona. Nanga inu munawerenga musanafufute?"

Paja amati safunsa anadya phula, ndipo tsiku lija phulalo tinadya awiri, koma amene linamuwawa m'mimba ndi munthu wachitatu, amene fodya wake anachita nkhungu.

Choncho inu amene mumasintha mitundu m'makompyuta mwanu sabata iliyonse, sinthani, ndi zanu, ikani imene maso anu akuimva. Koma ya mnzanu musaikhudze musanamufunse chifukwa chake anaiika choncho, ndipo ngakhale yanu yomwe musaikhulupirire kuposa mawu amene alembedwawo. Ine zobiriwira ndimadana nazobe. Kungoti masiku ano ndikaziona ndimayamba ndachotsa dzanja pa kiyibodi, n'kuwerenga mzere wonse, ndikumva mawu a Jere.