A Pisitoni ndi Tizitsulo Tiwiri Tosadziwika Mwini

Inali 4 koloko masana pa 9 Januwale 1954, mvula ya matalala ikugogoda denga, pamene anabadwa malemu amene tikuwaperekeza lerowa. Anali achitatu m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Ine ndikuwerenga mbiriyi ndine mlamu wawo. Ndinakwatira mlongo wawo wamng'ono, amene anatsogola kale. A banja andisankha chifukwa akuti sinditalikitsa nkhani, choncho ndiyesetsa.

Malemu anayamba sukulu mu 1961. Mu 1967 pakhomo panayamba kusowa zivundikiro za mapoto. Anthu ambiri osalakwa anaganiziridwa, mpaka tsiku lina bambo awo anawapeza kuseri kwa khitchini akukupizira makala, chivundikiro chachisanu chikusungunuka m'chitini. Anakwapulidwa, kenako anatumizidwa kusukulu ya ntchito zamanja, kumene anamaliza mu 1975.

Kuyambira mu 1976 anagwira ntchito pafakitale yosungunula zitsulo. Madzulo ndi Loweruka ankasungunulanso zawo kunyumba, ndipo mu 1989 anatsegula shopu yawoyawo kuseri kwa nyumba ija mukuidziwa. Ankagula mapisitoni akutha a galimoto, kuwasungunula m'ng'anjo, n'kuthira m'zikombole za mchenga kupanga mawilo a malamba a makina, zogwirira zitseko ndi zina. Dzina loti a Pisitoni linachokera pamenepo, moti adzukulu ena dzina lawo lenileni alimva lero m'tchalitchi.

Ndifotokozeko pang'ono ntchitoyi, poti malemu sakanandikhululukira. Pisitoni ndi aluminiyamu wosakaniza ndi silikoni. Iwo ankati silikoniyo akazizira mwa kufuna kwake amasanduka timasingano m'kati mwa chitsulo, ndipo chitsulocho chimathyoka ngati bisiketi. Mankhwala ake unali ufa wina wa sodiyamu, umene ankathira chitsulo chikadali madzimadzi, kuti timasinganoto tisanduke tiulusi tosalala. Koma mphamvu ya ufawo sichedwa kutha. Ukauthira, chitsulo chilowe m'zikombole mphindi makumi awiri zisanakwane, ndipo m'mphindi zimenezo malemu sankamva moni, dzina lawo kapena belu.

Pa 16 Ogasiti 1980 anakwatira mayi athu akhala apawa. Kutchalitchi anafika mochedwa, nsidze imodzi itapsa. Amene munaona chithunzi cha ukwati mukukumbukira kuti mkwati anayang'ana kumbali. Sanali manyazi.

Mu 1994, tsidya lina la msewu kunabwera mmisiri mnzawo wa ntchito yomweyo, amene tonse timawatchula kuti a Zachabe, poti ndiwo mawu amene amayankhira pafupifupi chilichonse. Akhala kumbuyo uko. Iwowa ufa uja sankathira. Ankati chitsulo si ndiwo kuti uzichikometsera. Malemu ankati chitsulo cha a Zachabe chimatha chisanafike kunyumba kwa wogula. Anakangana choncho zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, wina ataima pakhomo pake, wina pakhomo pake, magalimoto akudutsa pakati.

Mu 2013 anagwirizana kuti nkhaniyi ithe. Malemu anapanga makina ndi mota ya makina ochapira zovala yomwe mayi athuwa amanenetsabe kuti inali isanafe. Motayo inkazunguza mbale yachitsulo cholimba, ndipo aliyense anaumba kachitsulo kake, kofanana ndi chala chachikulu, koti kazikhulika pambalepo. Loweruka lililonse makinawo ankayenda maola awiri, kenako tizitsuloto ankatiyeza pasikelo. Mwini wa kachitsulo koperepeseka msanga anayenera kuvomera kugonja pamaso pa anthu a mumsewu wonse. Kuti asasokoneze, aliyense anadinda chilembo chake pakachitsulo kake.

Anamfedwa, amisiri awiriwa, a imvi zawo, anadinda zilembozo kumbali yokhulika. Patatha masabata atatu zilembo zinali zitafufutika. Sabata yachisanu, polimbirana woti anyamule kupita nato pasikelo, anatigwetsa tonse tiwiri, n'kugubudukira kunsi kwa tebulo. Atatitola, panalibenso wodziwa kake.

Kuyambira tsiku limenelo kamodzi kankatha msanga, kena pang'onopang'ono, ndipo aliyense ankati kolimbako n'kake. Malemu ankati, "Iwe Zachabe, ngakhale mbuzi ikhoza kuona kuti aka n'kanga." A Zachabe ankati, "Achimwene, kanu ndi aka katsala ngati batani la malaya aka." Loweruka lililonse mkangano unkatha ndi mawu oti, "Usadzapondenso pakhomo pano." Loweruka lotsatira, 2 koloko isanakwane, malemu ankakhala atapukuta kale mpando wa mlendo wawo ndipo akufunsa ngati madzi a tiyi awira. Mayi athuwa anaphika tiyi ameneyo zaka khumi ndi ziwiri. Ine anandiitana kawiri kuti ndikaweruze monga mphunzitsi. Maulendo onse awiri ananditulutsa, ndipo pokhapo ndi pamene ndinawaona akugwirizana.

Malemu anayamba kudandaula m'chifuwa mu Novembala chaka chatha. Kuchipatala anavomera kupita bola lisakhale Loweruka. Anawagoneka pa 19 Meyi chaka chino. Tsiku loyamba lomwelo anagogoda tsinde la choimikira diripi n'kuuza anamwino kuti amene analiumba anathira chitsulo mchenga uli wonyowa. A Zachabe anabwera kudzawazonda atanyamula tizitsulo tija ndi sikelo m'chikwama, ndipo anatulutsidwa m'wodi chifukwa cha phokoso.

Mwana wawo woyamba, wamkazi uja, amene wagwira nawo ntchito kushopu kuyambira atamaliza sukulu, wandilola kunena ichi. Ataona kuti matenda akula, anafuna kuti bambo ake asapite nkhani ili m'malere. Anawauza kuti, "Ababa, bwanji tingotithyola ndi hamala? Kothira ufa m'kati mwake mumakhala motuwa ndi mosalala, kosathira mumanyezimira ndipo n'mokhakhala. Tikhoza kudziwa lero lomwe." Malemu anati, "Mayi, zimenezo ndinakuphunzitsa ndine. Tikathyola, Loweruka Zachabe azidzatani kuno?"

Anatisiya Lachitatu, pa 11 Juni 2025, ali ndi zaka 71. Asiya mayi athuwa, ana anayi, adzukulu asanu ndi anayi, ndi mchimwene wawo mmodzi.

A banja akuthokoza madokotala ndi anamwino chifukwa cha chisamaliro ndi kuleza mtima, a mpingo, oyandikana nawo nyumba amene anapirira kulira kwa makina aja, ndi nonse amene mwathandiza mwa njira iliyonse. Amene munasiya ntchito zanu kushopu musade nkhawa. Mwana wawo uja akayatsa ng'anjo Lolemba m'mawa.

Ambiri mwakhala mukundifunsa chapansipansi kuti nanga anapambana ndani. Dzulo a banja tinaona kuti wotsala ndiye ayenera kugamula, choncho tinapereka kwa a Zachabe tizitsulo tonse tiwiri pamodzi ndi hamala. Anatitembenuzatembenuza m'manja, n'kutiika m'thumba la jekete. Hamala anabweza, akuti mpini wake ndi wachabe. Kenako anafunsa mwana uja ngati mawa makina ayende, poti mawa ndi Loweruka. Iye wavomera, ndipo wawachenjeza kuti kolimbako n'ka bambo ake. A Zachabe akana kale.

Alamu, pitani bwino. Mzimu wanu uuse mumtendere.