Kalipentala Wodikira pa Geti la Ndende

"Agogo, kodi Mulungu wa kundende ndi yemweyu wa kutchalitchi kwathu?" Mdzukulu wa malemu anafunsa choncho tsiku lina m'tchalitchi ataona anthu akusendera kutali pa benchi yomwe agogo akewo anakhalapo. Malemu anangomusisita mutu.

Abale ndi anansi, malemu anabadwa pa 9 Meyi 1961, ali achitatu m'banja la ana asanu. Sukulu analekezera sitandade 6. Mu 1985 anamanga banja ndi mayi athu ali apawa.

Sitibisa: mu 1994, mowa uli m'mutu, anavulaza mnzawo ndi chitsulo, nalowa m'ndende. Kumeneko abusa oyendera akaidi anawazoloweza Baibulo, mkaidi wina wokalamba nawagwiritsa sowo ndi hamala.

Atatuluka mu 2003, anayamba kumakaima pa geti la ndende tsiku lotulutsa akaidi. Yemwe analibe womulandira ankabwera naye, kumugoneka mu shedi yawo ya ukalipentala, pakati pa matabwa. M'mawa, pemphero kaye, zida pambuyo. Ena anawabera n'kuthawa. Tikadandaula ankati, "Thabwa lopindika salitaya, amayamba aliyang'ana."

Sitiroko inawagwetsa mu Juni chaka chino, ndipo Lachiwiri lapitali anatisiya.

Mu shedimo mwatsala amuna atatu otuluka kundende. Eni malo omwe malemu ankachitapo lendi akuti maliro akatha atulukemo. Kwawo anawakana, ku mpingo tapempha koma yankho silinabwere. Dzulo mmodzi wa iwo, yemwe timamutchula Wamtali, anauza mayi athu, "Amama, ndingoswa zenera la munthu andibweze kundende konkuja. Kuja kuli bulangete ndi pemphero." Mayi athu sanadye chiyambire pamenepo.

Malemu asiya mkazi, ana anayi ndi adzukulu asanu ndi mmodzi. Tikuthokoza anamwino, abusa a kundende, ndi amuna atatuwa omwe akhoma bokosili ndi manja awo. Mzimu wa bambo athu uuse mumtendere.

Mayi athu apempha kuti mumvenso ichi. Lero m'mawa pampopi, bambo owotcherera zitsulo oyandikana nafe anauza mayi osoka zovala a kutsidya kwa msewu, "Kuseri kwa shopu yanga kukudontha, koma amuna atatu aja atha kumagona."

"Chakudya ndi changa," anatero mayi osokawo. "Koma mukatopa nawo mudzandiuze ine kaye, musadzawathamangitse."

"Sindidzawathamangitsa."