Tinamukana Ataonda

Podikira minibasi pa Guilleme, amayi awiri osadziwana ankayang'ana chithunzi chokhomedwa pamtengo.

"Uyu ndi Chiko, uja anapambana mpikisano wa chiphadzuwa," anatero wamng'onoyo. "Lero akuphunzitsa za matenda a shuga kuchipatala ku Boma. Mumamudziwa, mayi?"

"Akanakhala mpongozi wanga. Ataonda, ndinauza anzanga kutchalitchi kuti ndi matenda aja a masiku ano. Mwana wanga anamusiya."

"Osapita naye kukayezetsa?"

"Ayi. Tinangoona kuondako, chonsecho anali shuga."

"Ndiye lero ulendo wa kuti?"

"Komweko. Nanenso andipeza ndi shuga, ndipo sinditha kudzibaya jakisoni."

"Mukayamba bwanji kumulankhula?"

"Sindikudziwa, mwanawe. Koma iye, atamva kuti ndikubwera, wanditumizira kale uthenga kuti ndisanyamuke ndisanadye."