Chimutu Wafika, Tsekani Geti

— Halo?

— Halo, achimwene? Mukundimva?

— Ndikukumva, chemwali. Mwaswera bwanji kumeneko?

— Taswera bwino, kaya inu? Alamu ali bwanji?

— Ali bwino, koma bondo lija likuvutabe.

— Pepani. Nanga ana?

— Akudya ngati dzombe. Bambo adzuka bwanji?

— Adzuka. M'mawa amandifunsa ngati ndine wantchito watsopano. Akuti ndine wakhama, andikweza paudindo.

— Zabwino zonse. Koma fulumira, ndili ku ofesi, miting'i ikundidikira.

— Mukukumbuka mayi wa gitala uja? Amene amaimba ndi agogo odwala matenda oiwala?

— Kumene bambo anakagona pampando kuja?

— Komweko. Mayi uja wayesa zonse. Nyimbo za kutchalitchi, bambo phee. Za pawailesi, bambo kuyasamula. Agogo ena akuomba m'manja, ena mpaka kuvina ndi ndodo, athuwa kumangoyang'ana mitu ya anthu.

— Wometa ndi wometa basi.

— Anauza agogo ena kuti amene anawameta akamangidwe.

— Ha! Ndiye sanasinthe.

— Tsono ine ndinamuuza mayiyo kuti bambo anali ndi nyimbo zopeka okha. Paja akamatimeta pakhonde, mutu uliwonse unali ndi nyimbo yake?

— Zakale zimenezo.

— Mayiyo anachita kudumpha. Akuti imeneyo ndiye nyimbo yofunika. Uyambe kuimba, ukafika kumapeto usiye dala, amalize okha. Sizasi tinabisa kalekale, ndiye anawapatsa masupuni awiri kuti azigogoda.

— Ndiye?

— Ndinaimba yanga ija ya kamutu ka dzira, anamaliza! Koma ndi yaifupi, mutu wanga paja ndi waung'ono. Kuyambira dzulo akung'ung'udza ina. Akafika pakati ikuwathawa, akuponya masupuni pansi. Lero akana ndi chakudya chomwe.

— Ina iti?

— Yanu.

— Ndinaiwala.

— Bodza!

— Ndaiwala ndithu. Mwina matendawa ndi akumtundu.

— Achimwene, musaseweretse zimenezo. Ine ndikukumbuka poyambira pokha. Chimutu wafika…

— Shh! Usatchule dzina limenelo pafoni! Kuno amanditcha bwana.

— Chipewa chanu chija anachita kukusokerani atelala, anthu ali ndi maso.

— Chabwino, ndikutumizira pameseji.

— Meseji imaimba? Bambo ali pompano, ndiika foni palaudi. Imbani.

— Panopa? Khoma la ofesi yanga ndi la mapulanga, iwe. Ndikayetsemula, asekilitale amati pepani.

— Pitani kuchimbudzi.

— Dikira… Eya, ndalowa, ndakhoma. Ukundi… mva? Chi… tu… geti…

— Mukudukaduka! Mukumveka ngati chule ali m'ndowa. Tulukani, mayunitsi anga akutha!

— Netiweki imagwira pawindo la pamasitepe pokha.

— Pitani pomwepo.

— Pali alonda, akumwa tiyi. Pali ndi dalaivala amene ndamukalipira m'mawa womwe uno.

— Ndiye aseke, apepukidwe mtima.

— Sindingathe, chemwali.

— Manyazi okhawo? Bambo sanadye, inu mukusamala tayi?

— Si manyazi okha. Ulendo womaliza uja ndinabwera, anandipatsa mpando, n'kunditcha bwana, n'kundifunsa kuti kwathu ndi kuti. Bambo anga ondibereka. Ndinakalirira m'galimoto, iwe sunaone.

— Ndinaona. Ndikudziwa kuti n'chifukwa chake simunabwerenso.

— Nanga ndikaimba, osandidziwabe? Zindipwetekanso kachiwiri.

— Mwina sakudziwani, sindingakunamizeni. Ine amandilemba ntchito tsiku ndi tsiku, ndipo zimandiwawa. Koma mawu a nyimboyi muli nawo ndinu nokha.

— Mm. Chabwino. Ndafika pawindo. Madoda, pitirizani tiyi, musandione… Chimutu wafika, tsekani geti.

— Mukuimba kapena mukuwerenga malipoti? Bambo akuyang'ana khoma. Kwezani mawu! Ndi kulira kwa sizasi komwe!

— Kumenekonso?

— Konse!

— Ambuye ndithandizeni. Tchwe-tchwe! Tchwe-tchwe! Chimutu wafika, tsekani geti! Sizasi yalira, yapempha tchuthi!

— Eya! Atembenuka! Atola masupuni! Pitirizani!

— Tchwe-tchwe! Kutsogolo lero, kumbuyo mawa… Iwe dalaivala, ukujambula chiyani? Tsitsa foniyo!

— Musasiye, achimwene! Akugogoda!

— Kutsogolo lero, kumbuyo mawa, makutu tidzaona mwezi wa…

— Ayi, ayi! Mawu omaliza ndi awo! Bwerezani, musiyire pa tidzaona.

— Makutu tidzaona…

— Khalani chete tsopano.

— Akutani?

— Shh. Milomo ikugwedezeka… Ayi, asiya. Akwinya nkhope. Achimwene, akulanda foni! Pang'onopang'ono, bambo, gwirani chonchi, lankhulani.

— Halo? Ndani ameneyu akuwononga nyimbo yanga?

— Ndine… ndine, bambo.

— Mwezi wa chiyani? Mutu umenewo ungathe pamwezi? Makutu tidzaona chaka chamawa! Chaka!

— Chaka chamawa, bambo. Ndalakwitsa.

— Ndipo ukuthamanga. Sizasi siithamanga, ungadule mwana khutu. Bwereza bwinobwino.

— Kutsogolo lero, kumbuyo mawa, makutu tidzaona…

— Chaka chamawa! Basi. Nanga akuyankhira kumbuyokowo ndi ndani?

— Ndi alonda, bambo. Ndi dalaivala. Alowerera okha.

— Ali ndi mawu abwino kuposa iwe. Kodi ndiwe Chimutu?

— Ba… bambo…

— Halo? Chimutu, wameza lilime?

— Ndine, bambo. Ndine Chimutu.

— Ukulira chiyani? Sindinakudule. Uli kuti masiku onsewa? Tsitsi liyenera kuti lafika m'mapewa. Ubwere ndidzakumete, aphunzitsi angakubweze.

— Ndibwera Loweruka, bambo. M'mamawa.

— Ubwere m'mamawadi, ntchito ndi yaikulu. Mayi, landirani chinthu chanuchi. Kodi pakhomo pano anthu sadya?

— Achimwene, ndine tsopano. Mwamva? Akufuna chakudya! Ndathamanga, batire yafiira.

— Wamva iwe? Anditchula! Anditchula dzina!

— Ndamva, ofesi yonse yamvanso. Koma Loweruka adzameta chiyani? Dazi lanu lija limachita kuthobwa m'maso.

— Kumbuyoku kwatsala pang'ono. Sindikukhudzanso mpaka Loweruka.

— Ndipo sizasi sitiwapatsa. Akumetani ndi masupuni.

— Andimete ndi masupuni omwewo. Iwe ukonze mpando pakhonde. Ndipo akadzandifunsanso kuti kwathu ndi kuti, ndidzangoyamba tchwe-tchwe.

— Chabwino, moni kwa alamu, foni ikuzi…

— Halo? Chemwali? Halo? … Inu madoda, mukuseka chiyani? Ndi chaka, osati mwezi. Tiyeni tibwereze, Loweruka ndisakachite manyazi.