Eneles Sakutsonyani Dala

Abusa, amayi busa, abale ndi alongo, moni m'dzina la Ambuye. Ndikufuna kuchitira umboni. Andikakamiza kuima pano ndi amayi busa, ati ndisamangolongolola ku mjigo. Ndiye mumve, koma lero sindikuseka iyayi.

Mdzukulu wanga Eneles mukumudziwa, uja munamuchotsa mu kwaya. Mlandu wake? Kutsonya. Abusa ali pakati pa ulaliki, iye n'kutsonya, maso phethiphethi, phewa likudumpha. Munati mwano. Ena munati ziwanda, munamugwedeza mutu mpaka mpango kugwa. Amayi akutsogolo kuno, musazolike, ndinu munati, "Kosalangika aka."

Koma ine ndinaposa nonsenu. Madzi ndikatunge kutali ndi miyendo yanga yotupayi, mwana n'kuthera ndowa yonse kusamba m'manja. Kusamba, kuchoka, kubwerera, kusambanso, mpaka zala kung'aluka. Ndinamukwapula ndi mtengo wa chinangwa. Ine, agogo ake!

Anatitsegula maso ndi Abiti Juma, anzanga achisilamu timagulitsa nawo tomato aja. Tomato wa chaka chino madzi okhaokha, koma zisiyeni izo. Anati, "Anganga, mwanayu pitani naye kuchipatala." Tinakwera kabaza.

Za kutsonyazo adokotala sanachedwe nazo. Ati thupi limachita lokha, ngati kuyetsemula. Koma mafunso, abale! Amagona bwanji? M'kalasi amakhazikika? Amapsa mtima msanga? Mpaka pepala loti aphunzitsi akayankhe. Kenako anatembenukira mwana uja: "Ukapanda kusamba, ukuganiza kuti chichitike n'chiyani?"

Misozi mbwembwembwe. Akuti, "Agogo adya zomwe ndagwira, adwala, afa."

Mwamva? Ine ndikumumenya, iye akusamba kuti ine ndisafe!

Adokotala ati mantha amenewo ndi vuto lina, limakonda kuyenda limodzi ndi kutsonyako, ndipo ndi limene limamuzunza kwambiri. Tikupitabe kuchipatalako, akumuphunzitsa kuthana ndi manthawo pang'onopang'ono. Ndowa ya madzi tsopano ikumafika madzulo isanathe. Kutsonya sikunathe, mwina sikudzatha, muzolowere.

Ndikuthokoza Mulungu wandichotsa ndodo m'manja. Mukafika kwanu mukauze ena, ku Kalembo, ku Rivirivi konse, kuti asanamenye mwana ayambe amufunsa.

Eneles ali panjapo, pansi pa mango, akuopa kulowa. Amayi a kwaya, munamutulutsa ndinu, kamutengeni nokha. Sindikhala pansi, ndikudikira. Akalowa, nthungululu zimveke, mukondwere nane. Akatsonya, nyimbo isaime!