Tsiku Limene a Torgils Anakhala pa Mwala wa Brannvor

Kwathu kuno kunsi kwa phiri, ife akafula tili ndi lamulo loti ngakhale khanda limalidziwa: chilichonse choikidwa pa mwala wosulira wa Brannvor, mulungu wa chipala amene anatisula tonsefe, ndi chake, ndipo chimalowa m'ng'anjo. Ndiye a Torgils, wosula nkhwangwa wamakani uja, atatopa ndi makwerero a kukachisi anangofika n'kukhala pamwalapo, wansembe Audun akuona.

"Zikomo kwambiri," anatero a Audun akupinda malaya. "Chaka chino mwapereka mowolowa manja."

"Ndapereka chiyani? Nkhwangwa ya nsembe ikadali m'thumbamu."

"Imeneyo tikapatsa akazi anu. Tsikani bwinobwino, nsembe ingaphwanyike."

"Nsembe yake iti?"

"Inuyo. Mwaikidwa pamwala."

"Aaa! Wandiika ndani? Ine ndangotsamira!"

"Miyendo ili lendelende, achimwene. Wotsamira salendewera."

A Torgils anadumpha ngati akhalira khala lamoto. A Audun anali atagwira kale mvukuto.

"Ansembe inu, mwalawira mowa wa balere eti? Ine ndili ndi ana!"

"Musadandaule, anawo sanakhalepo. Chatsala n'kukuyesani basi. Cholemala Brannvor salandira, chimabwerera kwawo."

Apa munthu wanzeru akanatsokomola, n'kutsimphina, n'kumapita. Koma nzeru ndi a Torgils zinasiyana kalekale. Anatukula chifuwa.

A Audun anatenga kanyundo n'kuwagogoda pamutu, go! Anatchera khutu.

"Mhm. Mukulira ngati mphika wong'aluka. Yasamulani. Dzino lina palibe. Khutu ili lapendekera. Ayi, ntchito yosalongosoka iyi. Mwapulumuka, kazipitani."

"Mwati chiyani?"

"Ndati kazipitani."

"Ayi, chinacho. Wosalongosoka ndani? Gogodaninso!"

"Go! Chimodzimodzi."

"Kanyundo kanuko ndi kabodza, anasula ndi mlamu wanu! Chiyambire makolo athu, banja lathu silinabwezedwepo nsembe. Phiri lonse limve kuti Torgils wakanidwa kukachisi, adzagulenso nkhwangwa yanga ndani?"

"Komatu dzino..."

"Dzino ndi ili!" Analitulutsa m'thumba n'kulimenyetsa pamwala.

"Dzinolo talandira," anatero a Audun, n'kuliponya m'ng'anjo.

"Tamverani kuno, ansembe. Anandisula ine ndani?"

"Brannvor."

"Ndiye mukuti Brannvor amasula miphika yong'aluka? Mukunena zimenezo m'nyumba mwake momwe?"

A Audun anagwira pakamwa. "Mayo! Zoonadi. Pepani, achimwene, ndinu ntchito yapamwamba."

"Eyaa! Nenaninso."

"Yapamwamba zedi. Vulani nsapato, mulowe."

A Torgils anasuzumira m'ng'anjomo, nsonga ya ndevu n'kupsa, fungo lake kachisi yense. Kunena zoona, ine ndinawamvera chisoni. Pamenepo m'pamene anazindikira chimene anapambana pa mkanganowo, koma kubweza mawu, a Torgils? Bola kufa.

"Kamoto kameneka?" anatero mawu akunjenjemera. "Kowotchera bowa aka? Chitsulo ngati ine chimafuna moto woyera mbee. Vukutani."

A Audun anavukuta.

"Wafiira chabe. Mukufuna Brannvor alandire chosapsa?"

"Ayi ndithu!"

"Ndiye limbikani, madala!"

Anavukuta mkulu uja, thukuta kamukamu, ndevu zili zonyowa.

"Dikirani... ndipumeko kaye," anatero ali wefuwefu. Anabwerera chafutambuyo n'kukhala pansi, khu!

A Torgils anayang'ana miyendo ya wansembe. Inali lendelende pa mwala wa Brannvor.

A Torgils anapinda malaya pang'onopang'ono, n'kutola kanyundo kaja.

"Zikomo kwambiri, ansembe. Chaka chino mwapereka mowolowa manja."

A Audun anayang'ana mwala, anayang'ana ng'anjo imene anaikoleza okha, kenaka anavula chisoti n'kuweramitsa mutu.

"Gogodani chakumanzereku, achimwene," ananong'ona. "Kuli mng'alu wakalekale."