Magazi a kumsana kwa malaya a amuna anga

Omvera anzanga, ndine mayi wa ku Ndirande. Izi zinandigwera nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu akatengedwa sitinkafunsa mokweza.

M'mawa wina amuna anga, omwe anali telala, anapeza bambo wina atabayidwa ndi mpeni kuseri kwa golosale. Anamubereka mpaka pamsewu, koma bamboyo anatsirizika galimoto isanapezeke. Anthu ataona malaya a amuna anga ali psuu, anakuwa, "Wapha ndi ameneyu!" Apolisi anawatenga.

Ndinali ndi pakati. Chakudya sichinkalowa, ndinkangoganiza kuti awanyonga. Tsiku lina ndinagwada pamaso pa wapolisi wofufuza mlanduwo. "Bwana, ndichitireni chifundo. Mwana ali m'mimbayu ndidzamuuza chiyani?"

"Dzukani mayi," anatero. "Chifundo sichingawatulutse, koma malayawa mwina angathe. Pakhoma la golosale magazi anawazikira timadontho ting'onoting'ono, ndiye timadontho totere tiyenera kuti tinamugweranso wobayayo pachifuwa ndi m'mikono. Malaya a amuna anu kutsogolo alibe kadontho. Magazi ali kumsana, opakika, monga zimakhalira munthu akabereka wovulala. Ndikanena zomwezi kukhoti."

Ndinalira mpaka mawu anandithera.

Amuna anga anatuluka mwana akukwawa kale. Wakuphayo sanapezeke, ndipo palibe anabweretsanso nsalu yoti asokeredwe. Mpaka tsiku lomwe tinawaika m'manda, amayi ena ankakokera ana awo m'nyumba akawaona akudutsa. Khoti linawamasula, koma Ndirande sinawamasule.